Zikopa za Madamu ndi Kamtengo ka Machesi

Anthu akamandiuza kuti munthu wopemphera sasunga chakukhosi, ine ndimangogwedeza mutu kuti nkhani ithe. Changa ndinachisunga zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinkachisamala bwino kuti chisazilale. Chinayambira pa zikopa za nyama zaubweya, zinthu zimene mu Lilongwe muno palibe amene amazifunadi, popeza dzuwa la Okutobala limafewetsa ndi phula lomwe pamsewu.

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku Old Town, pa kaofesi ka ejenti wotulutsa katundu ku kasitomu. Kanali pamwamba pa shopu ya amwenye yogulitsa misomali ndi penti, ndipo makwerero ake ankanunkha mafuta osungunulira penti chaka chonse. Ntchito ya ejenti si yovuta kuifotokoza. Munthu akaitanitsa katundu kunja amabwera ndi invoisi, ife n'kutsegula buku lalikulu la misonkho kuti tipeze mzere umene katunduyo akugweramo. Chinthu chilichonse chili ndi nambala yake m'bukumo, kuyambira singano mpaka thirakitala, ndipo nambalayo ndi imene imanena msonkho woti munthu alipire komanso makalata amene boma likufuna lisanamasule katundu. Ukalemba nambalayo pa fomu umasayina pansi. Kuyambira pamenepo, bodza lililonse limene lili pafomupo ndi lako.

Abambo anga anali mesenjala m'maofesi a boma ku City Centre. Moyo wawo wonse ananyamula mafaelo osayinidwa ndi anthu ena, kukwera nawo makwerero ndi kutsika nawo. Tsiku limene anamva kuti mwana wawo wamkazi akasayina pepala geti imatseguka ndipo lole imatuluka, anapita ku Msika wa Lilongwe n'kukandigulira cholembera chonyezimira ngati siliva. Kwathu ku Kawale aliyense anamva. Ankaimitsa ngakhale munthu amene akuthamangira minibasi kuti amuuze za ntchito yanga. Ine ndinkachita manyazi pamaso, koma mumtima ndinkakondwa kwambiri.

Madamu anabwera mwezi wa Meyi, kuzizira kutangoyamba. Ankakhala ku Area 12 ndipo anali ndi shopu ya zokongoletsa m'nyumba ku City Centre. Anakwera makwerero athu atatseka mphuno ndi kansalu, ndipo mpando umene ndinawapatsa anangouyang'ana osakhalapo. Abwana anga, munthu wamfupi amene ankaseka nthabwala za anthu olemera asanazimve, anadzuka msangamsanga mpaka kugwetsa kapu ya tiyi. Madamu anaponya invoisi patebulo langa. Panalembedwa kuti ndi mabokosi atatu a ubweya wopanga, wa pulasitiki, woyala pa mipando.

M'buku lija zikopa zaubweya zili ndi mutu wakewake. Pali mzere wa zikopa zaziwisi, wina wa zofufuta, wina wa zosokedwa kale, ndipo pansi penipeni pali mzere wa ubweya wopanga. Zikopa zenizeni zimafuna kalata ya madokotala a ziweto, ndipo ngati nyamayo ndi yakutchire pamafunikanso chilolezo cha oona za nyama zakutchire. Mtengo wake umakhala wokwera, choncho msonkho wake umaluma. Ubweya wopanga sufuna kalata iliyonse, ndipo poti ndi wotchipa, msonkho wake ndi wopepuka. Zonsezi ndinkazidziwa, ngakhale ndinali ndi miyezi isanu ndi umodzi yokha pantchito.

"Mayi, kodi ndingakaone kaye katunduyu ndisanalembe?" ndinafunsa.

"Ukaone chiyani iwe? Sukutha kuwerenga pepala?" Kenako anatembenukira kwa abwana. "Mtsikanayu mwamutola kuti?"

Abwana anaseka mpaka kutsokomola. "Lemba zimene zili pa invoisi, usachedwetse madamu."

Ndinalemba, ndipo ndinasayina ndi cholembera cha abambo anga.

Patapita masiku awiri ndinapita ku shedi ya kasitomu ku Kanengo kukatulutsa mabokosiwo. Ofisala amene anabwera kudzaona katundu anali mkulu wamtali wa imvi, wa kumpoto, amene Chichewa chake chinkamveka Chitumbuka. Fodya sankasuta, koma aliyense pashedipo ankadziwa kuti m'thumba la malaya ake mumakhala machesi. Anang'amba tepi ya bokosi loyamba. Munali zikopa zofiirira, zina zotuwa, zofewa kwambiri, ndipo michira yake inali pomwepo. Ananyamula chimodzi, kuchitembenuza, kuchiyang'ana kunsi, kenako anazula timaubweya pang'ono n'kutuluka nato panja. Anandikodola kuti ndimutsatire.

Anaika ubweyawo pa chitsekerero cha botolo n'kukhwatcha machesi. Fungo limene linatuluka ndinalidziwa nthawi yomweyo. Linali la mbuzi yowaula, lija limadzaza pabwalo tsiku la chinkhoswe. Anapekesa zotsalazo ndi zala ndipo zinangosanduka phulusa.

"Pulasitiki sanunkha chonchi, mama," anatero mofatsa. "Pulasitiki amasungunuka, n'kusiya kampira kakuda kolimba. Iyi ndi nkhandwe, ndipo inali ndi mayi ake."

Anaitanitsa madamu ndi abwana anga. Ine ndinali ndi mantha, koma ndinkadziwa kuti sindinalakwe, popeza invoisi ndinali nayo m'manja. Madamu anafika ali phee, ngati abwera kudzagula tomato. Atamva nkhaniyo anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa invoisi ina, yolembedwa bwinobwino kuti zikopa zofufuta za nkhandwe, ndi mtengo wake weniweni.

"Ine za mapepala sindizidziwa," anatero. "Ku ofesi kwawo ndinapereka invoisi iyi, pamodzi ndi ndalama za msonkho wonse. Inayo sindinaionepo. Funsani mtsikanayu."

Ndinayang'ana abwana anga. Iwo ankayang'ana nsapato zawo. Atafunsidwa anati faelo imeneyo ndinkayendetsa ndekha, iwo sanaigwireko. Laisensi yawo inali pamoto, ndipo pakati pa laisensi ndi ine sanavutike kusankha. Ndinayesa kulankhula koma mawu ankangotuluka mopanda dongosolo, misozi ili chuchuchu, ndipo munthu wolira amaoneka ngati wagwidwa. Nkhani ya apolisi itatchulidwa madamu anakweza dzanja.

"Ayi, musamumange. Ndi mwana wa munthu wosauka, wangoyesedwa. Ine ndamukhululukira."

Bodza lawo linandipweteka, koma chikhululukiro chimenecho ndi chimene chinandiwotcha mpaka m'mafupa. Anandipaka matope, kenako anthu n'kumawayamikira kuti ndi mayi wachifundo. Anatenga makalata ofunika, analipira zimene anauzidwa, ndipo zikopa zawo zinakafika pa mipando ya ku Area 12. Ine anandichotsa ntchito tsiku lomwelo. Old Town ndi yaing'ono, moti sabata isanathe ma ejenti onse anali atamva kuti pali kamtsikana kamene kamasintha ma invoisi.

Abambo anga anandimvetsera mpaka kumapeto atakhala pakhonde, manja ali pamaondo. Nditamaliza anafunsa funso limodzi.

"Kodi anasayina pafomupo ndani?"

"Ndine, abambo, koma..."

"Basi."

Sanandikalipire ndipo sanandithamangitse. Kungoti zaka zonse zonyamula mafaelo zinawaphunzitsa kuti pepala silinama, ndipo sanathe kuphunzira zina pa ukalamba. Anasiya kuimitsa anthu pamsewu. Popita kutchalitchi anayamba kudzera njira yakuseri, yodutsa kudzala, kuti asakumane ndi amene ankawauza za ine. Patatha zaka ziwiri anamwalira ndi matenda a mtima. Ndinawadwazika mpaka tsiku lomaliza, ndinkawamwetsa phala ndi supuni, koma nkhani ija sitinaikambenso, ndipo anapita akukhulupirira kuti anabereka wakuba.

Nditangochotsedwa ntchito muja ndinayamba kugulitsa kaunjika pafupi ndi mlatho, kumsika. M'mabelo munkapezeka majekete a ubweya m'khosi, ndipo ndikakhala wopanda kasitomala ndinkazula timaubweya n'kumawotcha. Ena ankanunkha mbuzi, ambiri ankanunkha jumbo. Anzanga apamsika ankati mutu wanga wayamba kusokonekera. Nthawi zina galimoto ya madamu inkadutsa pamlatho magalasi atatseka, ndipo ine ndinkaiperekeza ndi maso mpaka ikakhote. Ndisaname, ndinkawafunira zoipa zonse. Ndinkafuna shopu yawo ipse, ndinkafuna tsitsi lawo lisosoke, ndinkafuna adzagwe pagulu diresi itang'ambika. Lamulungu lina ndinakwera minibasi n'kukayenda wapansi mpaka pageti pawo ku Area 12, osadziwa ngakhale chimene ndikachite. Ndinangoima pansi pa mtengo n'kumayang'ana mpanda, mpaka mlonda anatuluka n'kundiuza kuti ganyu kulibe. Ndinabwerera mapazi atatupa, mkwiyo uli pomwepo.

Chaka chachisanu ndili pamsikapo, mwezi wa Juni, panabwera mkulu wina kudzafuna jekete. Ndinamuzindikira ndi machesi amene ankaoneka m'thumba la malaya. Nayenso anandizindikira. Anali atapuma pantchito ya boma ndipo anali atatsegula ofesi yakeyake ya u ejenti ku Old Town komweko.

"Nkhope yako ndinaiona tsiku lija, mama," anatero akuyesa jekete. "Wakuba sayang'ana mmene unayang'anira iwe. Koma ine ntchito yanga inali kuweruza pepala, osati nkhope. Ubwere Lolemba."

Pa ofesi ya mkulu wa machesiyu panali malamulo awiri okha. Sulemba nambala usanaone katundu ndi maso ako, ndipo mwini katundu asayine yekha kalata yonena chimene chili m'mabokosi mwake. Mwini ofesiyo anali mkulu wa mpingo, wosamwa ngakhale tiyi wa kasitomala. Makasitomala ofuna njira zachidule ankamuthawa, koma amene ankatsala ankatsaliratu. Ndinagwira naye ntchito zaka zinayi, ndinanenepa, ndinayamba kuvala magalasi ndi wigi, ndipo dzina langa linayamba kuyera pang'onopang'ono. Abwana anga akale aja laisensi anadzalandidwabe pa nkhani ina, ndipo tsiku limene ndinamva ndinagula nkhuku.

Madamu anabweranso mwezi wa Juni, mkuluyo atapita kumaliro kwawo kumpoto. Nditamva nsapato pamakwerero sindinaganize kanthu, koma chitseko chitatseguka ndinaona kuti ndi iwo. Anali atakalambako, khosi litapinda mizere, koma kansalu kotseka mphuno kanali komweko. Ulendo uno anakhala pampando. Anandiyang'ana m'maso n'kumwetulira.

"Muli bwanji asisi? Anzanga andiuza kuti pano katundu sachedwa."

Sanandizindikire. Ine nkhope yawo ndinkadzuka nayo m'mawa uliwonse kwa zaka zisanu ndi zinayi, koma iwo yanga anaiiwala mwina asanafike ndi pageti ya shedi. Pamenepo ndinapsa mtima kuposa tsiku loyamba lija.

Anasendeza mpando n'kutsitsa mawu. "Asisi, tithandizane. Ndi zikopa za nkhandwe, orijino, ndakagula ndekha kunja. Koma ndikutsegula shopu yatsopano Loweruka likubwerali, makadi ndagawa kale. Makalata a ziweto aja anditengera mwezi. Tingolemba kuti ndi feki, mwamva eti? Inuyo sindikuiwalani."

Anandionetsa satifiketi ya m'mbali mwagolide, yokhala ndi chidindo chofiira, yotsimikiza kuti ubweyawo ndi weniweni. Invoisi yokha ndi imene inandidabwitsa. Mtengo unali wokwera ndithu, koma pa dzina la katundu wogulitsayo anangolemba kuti zoyala zokongoletsa. Mawu oti nkhandwe panalibe.

Maganizo anga oyamba anali oti ndivomere, kenako ndikawatsine khutu a kasitomu kuti madamu agwidwe ndi kalata yosayina okha. Koma lamulo la ofesi linali litandilowa m'magazi.

"Ndikaone kaye katunduyo, mayi."

Ulendo uno sanandifunse ngati ndimatha kuwerenga. Anangoti, "Kaoneni asisi, mukasirire."

Ku shedi ndinapempha ofisala kuti titsegule mabokosi ndisanalembe fomu. Zikopazo zinali zokongola kuposa zoyamba zija, zonyezimira, zoterera m'manja, michira yake yonenepa. Kunsi kwake kunkaoneka ngati chikopa ndithu. Koma nditapatula ubweya ndi zala mpaka pansi, ndinaona timizere ta ulusi woluka. Ndinazula pang'ono, n'kutuluka kuseri kwa shedi pafupi ndi mpanda, n'kukhwatcha machesi. Ubweya unakhwinyata, unadontha, n'kusiya kampira kakuda, ndipo fungo linali la jumbo yopsa kudzala. Ndinabwerera n'kuzula m'bokosi lililonse. Onse anali chimodzimodzi. Ndinakhala pansi pa thabwa n'kuyamba kuseka, ndinaseka mpaka misozi, moti mlonda anabwera kudzafunsa ngati ndili bwino.

Madamu anali atakumana ndi mnzawo wowaposa. Anawagulitsa pulasitiki pa mtengo wa nkhandwe, n'kuwapatsa kapepala kagolide koti azinyadira, koma pa invoisi wogulitsayo anasamala osalemba bodza lomwe lingamugwiritse. Tsono bodza limene madamu ankandipempha kuti ndilembe linali loona lokhalokha.

Munthu wabwino akanawauza. Akanawaimbira foni n'kunena kuti mayi, akupusitsani, musagulitse zinthuzi kwa anthu. Ndinaganizirako zimenezo nthawi imene ndinkamwa kapu imodzi ya tiyi, ndipo tiyiyo atatha ndinatayipa kalata. Inkanena kuti ine mwini katundu ndikutsimikiza kuti m'mabokosimu muli ubweya wopanga, wa pulasitiki. Madamu atabwera ndinatsegula dirowa n'kutulutsa cholembera cha abambo anga, chimene ndinali ndisanachigwiritse ntchito chichotsedwere ntchito. Ndinali nditachigulira inki m'mawa womwewo.

"Musayine apa, mayi. Ndi lamulo la ofesi yathu."

Anasayina akuseka. "Inu ndiye mumaidziwa ntchito, asisi."

Pafomu ndinalemba nambala ya ubweya wopanga ndi mtengo weniweni umene analipira, popeza pa mtengo ndinawauziratu kuti sindisintha kanthu. A kasitomu anatsegula mabokosi, anaona okha, anadinda, ndipo katundu anatuluka tsiku lomwelo. Madamu anaganiza kuti a kasitomuwo ndawadyetsa kenakake. Anandibweretsera envelopu, ndinaikana, ndiye m'malo mwake anandipatsa khadi loitanira anthu ku mwambo wotsegulira shopu. Limenelo ndinalilandira ndi manja awiri.

Mkulu wa machesi anabwerako Lachinayi. Anawerenga faelo yonse mwakachetechete, anayang'ana dzina la kasitomala, kenako anayang'ana ine pamwamba pa magalasi ake.

"Fomu ilibe cholakwa," anatero. "Koma mtengo uwu si wa pulasitiki. Wawauza mayiwa kuti anawapusitsa?"

"Sanandifunse, abwana."

Anatseka faelo n'kundibwezera. Lachisanu poweruka ndinatenga machesi ake amene anawaiwala patebulo n'kuwaika m'chikwama.

Shopu yatsopanoyo inali ku City Centre, yamagalasi kuyambira pansi mpaka kudenga. Ndinafika cha m'ma 10 koloko m'mawa nditavala suti yanga ya kutchalitchi. Pakhomo panali maluwa ndi riboni, ndipo mkati munadzaza amayi a ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, aliyense ndi perefyumu wake, atagwira timagalasi titalititali ta juwisi. Zikopa zinayalidwa pa mipando ndi pa mabedi achionetsero. Satifiketi yagolide ija anaiika mu felemu n'kuipachika pakhoma. Pa zikopa zingapo panali kale timapepala tolembedwa kuti zagulidwa.

Madamu analankhula nthawi yaitali. Anafotokoza za ulendo wawo kumayiko ozizira, za mmene anasankhira chikopa chilichonse ndi manja awo, ndipo anabwereza katatu kuti zinthu za feki iwo sagwira. Ndinawalola amalize. Ndinaomba nawo m'manja, ndipo ndikukhulupirira kuti ndinaomba kwambiri kuposa wina aliyense.

Pafupi nane panali mayi wina wonenepa, wa mawu aakulu, amene ankasisita chikopa chotuwa n'kumauza anzake kuti watenga zitatu, chimodzi cha mwana wake amene akukwatiwa. Ndinamuyandikira.

"Zikomo mayi, mwasankha bwino. Mungandilole ndikuonetseni mmene timayesera ubweya kuntchito kwathu?"

Anavomera mokondwa, poganiza kuti ndikufuna kumuyamikira. Ndinatenga sosala patebulo la makeke, ndinazula ubweya pang'ono kumchira, n'kukhwatcha kamtengo kamodzi. Utsi wakuda unakwera. Fungo limenelo palibe wa mu Lilongwe amene salidziwa, ngakhale a ku Area 12, chifukwa nawonso magadeniboyi awo amawotcha zinyalala kuseri kwa mpanda. Amayi amene anali pafupi anayamba kukwinya mphuno n'kutembenuka.

"Ubweya wa nyama umanunkha ngati mbuzi yowaula, ndipo umasanduka phulusa," ndinatero mokweza kuti ndi akumbuyo omwe amve. "Uwu tauonani."

Ndinapendeketsa sosala, ndipo kampira kakuda kanagubuduka n'kulira pa sosalapo. Mayi wonenepa uja anakatola, anakafinya, kenako anakuwa kuti wina amubwereke laitala. Posakhalitsa shopu yonse inali kuzula ubweya. Amayi a zikhadabo zopenta ankazula pa mipando, pa mabedi, ngakhale pa chikopa chimene chinali pawindo, ndipo perefyumu yense uja anagonja ndi fungo la kudzala.

Madamu anadutsa pakati pa anthu akukankha ndi zigongono. Atandiona nkhope yawo inawala ngati aona wowapulumutsa.

"Asisi! Mwachita bwino mulipo. Awa ndi amene anatulutsa katunduyu ku kasitomu. Auzeni anthuwa kuti ndi orijino!"

"Pa kalata imene munasayina, mayi, munanena kuti ndi pulasitiki."

"Aaa, zija tinangolemba kuti a kasitomu asa..."

Anadzigwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale. Ena mwa amayiwo amuna awo ndi akuluakulu a m'boma, ndipo ndinaona awiri akuyang'anizana. Madamu anatsala ndi njira ziwiri zokha. Akanena kuti zikopazo ndi zenizeni, ndiye kuti ananamiza boma ndi siginecha yawo. Akanena kuti kalatayo ndi yoona, ndiye kuti anaitana anzawo kudzawagulitsa jumbo. Ndinawaona akuyesa njira iyi, kenako iyo. Sindibisa, ndinamva kukoma kumene sindinakumvepo chibadwire.

Anandigwira mkono n'kundikokera pafupi. Dzanja lawo linali lozizira.

"Ndakulakwirani chiyani, asisi?" ananong'ona. "Chonde auzeni. Inu mukudziwa mmene zinayendera."

"Ine za zikopa sindizidziwa, mayi," ndinayankha, osanong'ona. "Funsani amene anasayina."

Anandiyang'anitsitsa. Ndinaona kuti mawuwo awagunda penapake koma sakudziwa kuti ndi pati, ndiye ndinavula magalasi kuti ndiwathandize.

"Ku Kanengo. Mabokosi atatu, ma invoisi awiri. Munati ndine mwana wa munthu wosauka ndipo mwandikhululukira."

Dzanja lawo linagwa lokha. Anakumbukira, ndipo ndinadikira mpaka nditatsimikiza kuti akumbukiradi. Kenako ndinatola kampira kanga pa sosala, ndinavala magalasi, n'kutuluka. Kumbuyo kwanga mayi wonenepa uja anali atayamba kale, ndipo mawu ake ankamveka mpaka poimika magalimoto. Shopuyo sinafike nyengo ya mvula.

Lolemba m'mawa ndinapeza mkulu wa machesi atafika kale. Nkhani inali itamupeza kutchalitchi. Sanandipatse moni, anangotambasula dzanja.

"Machesi anga."

Ndinawapereka. "Ndagwiritsa kamtengo kamodzi kokha, abwana."

"Za kasitomala sitiulula pagulu, mama, kaya kasitomalayo ndi woipa bwanji. Ukadzachitanso, udzatsika makwerero awa osabwereranso."

"Ndamva, abwana."

Anabweza machesi m'thumba la malaya. Kenako anafunsa ndi mawu ena, ofewa. "Nanga tsopano mtima wazizira?"

Ndinkafuna kunena kuti inde. Dzulo lake ndinali nditapita ku Kawale kwa amayi anga, ndipo ndinapeza nkhani yafika kale. Anthu amene ankandilambalala kale ankandiimitsa pamsewu, ena n'kumati iwo ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti ndinanamiziridwa. Ndinakhala pakhonde paja, pamalo pamene abambo anakhala tsiku lija manja ali pamaondo, ndipo ndinafotokoza nkhani yonse kwa aliyense amene anabwera.

"Sunazizire, abwana," ndinayankha. "Kawale yense wamva. Koma amene ndinkafuna kuti amve, madamu aja anandichedwetsa nawo zaka zisanu ndi ziwiri."

Mkuluyo anandisendezera faelo yotsatira, ya mabokosi a nsapato za ana asukulu. Ndinapita ku Kanengo kukaziona ndi maso anga, ndinabwerako, ndinalemba nambala yake, ndipo ndinasayina ndi cholembera cha abambo.